Malasha a ku Rumphi ndi dambo lakale, ndipo sadzaphukanso

A Mkonzi,

Ndipatseniko malo m'nyuzipepala yanu ndilankhulepo za malasha. Chikhwimitsireni malamulo a makala, mu Mzuzu muno mwafala mawu akuti yankho tili nalo kale pansi pa mapiri a Rumphi ndi Karonga. Ndawamva m'minibasi za ku Ekwendeni, ndawamva pa siwa usiku amuna tikuwotha moto, ndawamvanso pakamwa pa anthu opita kusukulu. Ena amati malasha ndi makala amene Mulungu anawotcheratu pachiyambi, ndiye sangathe. Ena amati mgodi ukausiya zaka zingapo malasha amadzazanso okha. Onena izi ndi anthu abwinobwino, otopa ndi mtengo wa thumba la makala komanso kuthimathima kwa magetsi, ndipo sindikuwanyoza. Koma zimenezi si zoona, ndipo ndikuopa kuti tikazisiya osaziwongola, tsiku lina zidzalowa m'mfundo zoyendetsera dziko.

Ine kwathu ndi ku Ntcheu, koma ukalamba wandipezera kuno ku Chibavi. Ntchito yanga inali yoyendetsa makina obowola pansi. Zaka zambiri ndinkabowola mijigo, ndipo pa nthawi ina ndinali m'gulu lofufuza malasha kumpoto kuno. Zimene ndilembe pano zina ndinaziona ndi maso, zina ndinaphunzira kwa akatswiri a miyala amene ndinkagwira nawo ntchito, poti ndinali munthu wosatopa kufunsa, ndipo zina ndawerenga nditapuma.

Pofufuza malasha sitibowola ngati mjigo, pamene mwala umatuluka uli fumbi. Makina ake ali ndi mano a dayamondi odula mwala mozungulira, n'kutulutsa ndodo yaitali ya mwala imene pantchito timaitcha core. Ndodozo timaziyala m'mabokosi motsata kuya kwake, osasokoneza ngakhale kachidutswa, moti munthu akamayenda m'mbali mwa mabokosiwo amakhala akutsika pansi pa nthaka ndi maso. Umayamba ndi mwala wamchenga, wokhakhala ukaugwira. Kenako wa dongo, wotuwa. Ukamatsika dongolo limanka lida, mpaka mwadzidzidzi pafika malasha, opepuka m'manja kuposa miyala inzake. Pansi pake dongo linanso, mchenga winanso, kenako kamzere kena ka malasha. Zimabwerezabwereza choncho.

Katswiri amene tinkayenda naye anali ndi chizolowezi chong'amba ndi kanyundo mwala wakuda wa pamwamba pa malasha. Mwalawo umang'ambika mopyapyala, ndipo m'kati mwake mumatuluka tsamba. Ndikunena tsamba lenileni, a Mkonzi: lalitali, losalala m'mbali, mtsempha waukulu pakati ndi timitsempha tolukanalukana, nthawi zina masamba ambirimbiri osanjikizana pamwala umodzi. Mtengo wake umatchedwa Glossopteris. Palibe munthu anauonapo uli moyo, chifukwa unatha padziko zaka pafupifupi 252 miliyoni zapitazo. Malasha amene malole amadutsa nawo pa Luwinga ndi pa Katoto, ochokera ku Mchenga ndi migodi ina ya m'dera la Livingstonia, ndi matupi a mitengo imeneyi ndi zomera zinzake.

Tsono tsamba lingapulumuke bwanji kuwola? Mtengo ukagwa m'nkhalango ya Kaning'ina, chiswe chimayamba, bowa n'kutsatira, ndiye pali tizilombo tosaoneka ndi maso timene timamaliza ntchito. Pakapita mvula zingapo supezapo kanthu. Zonsezi zimadalira mpweya wa okosijeni, womwe ifenso timapumawu. Koma mtengo womwewo ukagwera m'madzi osayenda, zimakhala zina. Okosijeni wochepa wa m'madzimo amatha msanga, madziwo amawawasa, chiswe sichifikamo, ndipo tizilombo totsalamo timadya mochedwa kwambiri moti zogwa zatsopano zimaunjikana zakale zisanathe. Amayi olima madimba m'mbali mwa Lunyangwa akudziwa zimene ndikunena. Ukakumba chitsime m'dambo, pansi pamatuluka dothi lakuda bii, lonunkha, lodzaza ndi mizu ya bango ndi udzu imene inafa kalekale koma sinawole. Zoterezi zikaunjikana zaka mazanamazana popanda dothi lambiri losakanikirana nazo, zimapanga chinthu chofewa, chakuda mofiirira, chonyowa nthawi zonse, chimene akatswiri amachitcha peat. Apa ndiye poyambira malasha.

Madambo athu ambiri safika pamenepo. Okutobala akafika amauma, moto wa osaka mbewa umadutsamo, khasu limatembenuza, mpweya n'kulowa, zimene zinaunjikana m'dzinja n'kuwola. Kuti peat achuluke pamafunika madzi osaphwa chaka chonse, komanso chinthu china chosowa: nthaka ya pansi pa dambolo izititimira pang'onopang'ono, molingana ndi mmene zomera zakufa zikuunjikanira pamwamba. Ikatitimira mofulumira, dambo limasanduka nyanja, mitengo n'kufa. Ikapanda kutitimira, muluwo umafika potumphukira pamwamba pa madzi n'kuyamba kuwola. Malo okhala ndi zonsezi pamodzi ndi ochepa, koma alipo mpaka lero. Mu 2017 akatswiri analengeza kuti pakati pa chigwa cha mtsinje wa Congo pali nkhalango ya m'madzi yomera pa peat, ya masikweya kilomita oposa 145,000, kukula kuposa Malawi yense pamodzi ndi nyanja yake. Peat ameneyo anayamba kuunjikana zaka zoposa 10,000 zapitazo, m'malo ambiri kuya kwake ndi mamita awiri okha, ndipo akadali peat, sanakwiririke n'komwe.

Apa m'pamene ndikufuna owerenga aime pang'ono. Peat amakwera pafupifupi milimita imodzi pa chaka, malo ena osafikako. Akapsinjika, akatswiri amayerekeza kuti mamita 10 a peat amatulutsa mita imodzi ya malasha. Ndiye kuti mzere wa malasha wofika m'chiuno mwa munthu wamkulu unatenga zaka pafupifupi 10,000 kuti zomera zake zingounjikana chabe. Tiwerengere ndi zimene timazidziwa. Dr Robert Laws anakhazika mishoni ya Livingstonia pa Khondowe mu 1894. Chikhala kuti dambo lina linayamba kuunjika peat chaka chimenecho osalekeza, bwenzi lero pali masentimita 13, amene akanadzapereka malasha ongopitirira pang'ono sentimita imodzi. Mibadwo yonse imene yaphunzira pa Khondowe, aphunzitsi, abusa, anamwino, nthawi yawo yonse pamodzi ndi sentimita imodzi ya malasha. Wokumba mgodi amagumula zoposa pamenepo pomenya piki kamodzi.

Nanga madambo amenewa anali kuti, popeza ku Rumphi lero ndi mapiri? Zaka 300 miliyoni zapitazo kunalibe nyanja ya Malawi, kunalibe chitunda cha Chiweta. Africa, South America, India, Australia ndi Antarctica zinali dziko limodzi lalikulu lotchedwa Gondwana, ndipo dera lathu lino linali kutali kumwera, kozizira. Madzi oundana anakuta gawo lalikulu la dzikolo. Umboni wake ulipo: ku South Africa, ngakhalenso m'chigwa cha North Rukuru ku Karonga, pansi pa miyala ya malasha pamapezeka mwala wa matope osakanikirana ndi miyala ikuluikulu ndi ing'onoing'ono mopanda dongosolo, zimene madzi oundana amasiya akasungunuka. Atasungunuka, m'zigwa munatsala nyanja, mitsinje ndi madambo, ndipo Glossopteris anamera m'menemo n'kudzaza. Nyengo imeneyo imatchedwa Permian, kuyambira zaka 299 miliyoni kufika zaka 252 miliyoni zapitazo. Munthu atapititsidwa kumeneko sangazindikire kanthu: kunalibe udzu, kunalibe duwa, kunalibe mbalame. Mitengoyo inkayoyola masamba nyengo yozizira ikafika, chaka ndi chaka, n'kugwera m'madzi, n'chifukwa chake mumwala amapezeka atasanjikizana.

Tsamba limene ndinaliona ku Rumphi limapezekanso ku India, ku Australia, ku Brazil ndi ku Antarctica kumene lero kulibe mtengo ndi umodzi womwe. Robert Falcon Scott, wofufuza malo wa ku Britain, ndi anzake, pobwerera kuchokera ku South Pole, pakati pa Antarctica, mu 1912, anafera m'njira ndi njala ndi kuzizira. Pamene mitembo inapezeka, panalinso miyala yolemera makilogalamu 16 imene anakana kuitaya m'njira, ndipo m'miyalamo munali masamba a Glossopteris. Njere za mtengowu sizikanatha kuwoloka nyanja zamchere ndi mphepo. Umenewu unadzakhala umodzi mwa maumboni aakulu akuti maikowa anali olumikizana, ganizo limene katswiri wa ku Germany, Alfred Wegener, analitulutsa chaka chomwecho cha 1912, ambiri n'kumutsutsa.

Choncho malasha a ku Mchenga ndi Kaziwiziwi, a ku Ngana kufupi ndi Songwe, a ku Mwabvi ndi Lengwe kuchigwa cha Shire, onse ndi banja limodzi ndi a ku Moatize amene sitima imadutsa nawo pa Nkaya kupita ku Nacala, a ku Maamba ku Zambia, a ku Kiwira ndi Ngaka ku Tanzania, ndi a ku Hwange ku Zimbabwe, ku Wankie kuja kumene agogo athu ambiri anakakumbako. Miyala yonseyi imatchedwa Karoo. Malasha a ku Britain, Germany ndi kum'mawa kwa America, amene amatchulidwa kwambiri m'kalasi, ndi akale pang'ono, a nyengo ya Carboniferous, ndipo anachokera m'nkhalango zotentha za kufupi ndi ikweta, za mitengo ina. Athu ndi a kozizira.

Peat akangokhala pamtunda sasanduka malasha. Ayenera kukwiririka. Mtsinje umasintha njira, monga amachitira Songwe mpaka lero, n'kuthira mchenga ndi matope pamwamba pa dambo. Nkhalango imafa. Pakapita nthawi madzi amadekha, dambo lina limamera pamwamba pa matopewo, nalonso n'kudzakwiririka. Kubwerezabwereza kuja kwa m'mabokosi a core tanthauzo lake ndi limeneli: mzere uliwonse wa malasha ndi dambo lina, mchenga uliwonse ndi mtsinje umene unalikwirira. Matope amene ankalowa m'dambo madzi akasefukira ndi amene lero amatsala phulusa, ndipo malasha a Karoo amadziwika ndi phulusa lambiri. Oyang'anira maboila m'mafakitale amadandaula nalo, koma ndi mmene dambolo linalili.

Miyala ikamaunjikana pamwamba, kulemera kwake kumafinya madzi. Koma chimene chimasinthadi peat ndi kutentha. Pansi pa nthaka kutentha kumakwera ndi madigiri 25 mpaka 30 pa kilomita iliyonse imene watsika. Amene anapisako chala m'kasupe wa madzi otentha pa Chiweta sangatsutse kuti pansi m'potentha. Peat akatitimira makilomita atatu kapena anayi amakumana ndi kutentha kwa madigiri 100 kapena kuposerapo, popanda mpweya. Apa owotcha makala andimvetsa msanga. Iwo amaunjika nkhuni, amakwirira ndi dothi kuti mpweya usalowe wambiri, ndipo kutentha kumatulutsa madzi ndi utsi, n'kutsala kaboni wakuda. Uvuni wa makala umafika madigiri 400 kapena kuposa ndipo umamaliza pa sabata imodzi kapena ziwiri. Wa pansi pa nthaka ulibe lawi, kutentha kwake n'kongoposa pang'ono kwa madzi owira, ndiye ntchito yake imatenga zaka mamiliyoni. Madzi amachoka, mpweya wa methane ndi wa kaboni dayokisaidi umachoka, kaboni n'kumanka nachuluka pa zotsalazo.

N'chifukwa chake malasha ali ndi misinkhu. Ukachotsa madzi ndi phulusa, peat amakhala ndi kaboni wosaposa magawo 60 pa 100 alionse. Akapsa pang'ono amakhala lignite, wofiirira, wofumbutuka, amene nthawi zina umaonamo mtengo bwinobwino. Kaboni wake ndi pakati pa magawo 60 ndi 70. Akapitirira amada n'kulimba, kukhala sub-bituminous, kenako bituminous wa kaboni wa m'ma 80. Pamapeto pali anthracite, wolimba, wonyezimira, woyaka ndi utsi wochepa, wa kaboni woposa magawo 90. Athu a kumpoto kuno ali pakati, sub-bituminous ndi bituminous. Ukale wokha sukwanira. Ku Russia, kufupi ndi Moscow, kuli lignite wakale kuposa malasha athu, amene sanakhwime chifukwa sanakwiririke mozama.

Kwa abale aja amene amati malasha ndi makala owotchedwa kale, pali pamodzi pamene akhudza zoona. Mukatenga chibuluma cha malasha n'kuchiyang'anitsitsa, muona timizere. Tonyezimira kwambiri tinali makungwa ndi mitengo imene inamira osapsa. Koma pali tina tofewa, tozimirira, todetsa zala. Amenewo ndi makala enieni, otsala pa moto wolusa umene unkayaka m'nkhalango zija mphezi ikawomba. Ndi gawo chabe. Chimene chinasandutsa dambo lonse kukhala mwala woyaka ndi kukwiririka kuja.

Mungafunse kuti, ngati malasha anakhwimira makilomita pansi, zatheka bwanji kuti lero tiziwakumba m'mbali mwa msewu wa M1 potsetsereka ku Chiweta? Ndi ntchito ya ming'alu. Chigwa chimene muli nyanja ya Malawi ndi chadzulodzulo poyerekeza ndi malasha. Nthaka inang'ambika, mbali ina n'kutitimira, ina n'kukwera, ndipo mvula ndi mitsinje zinasenda miyala ya pamwamba mpaka mizere yakuda inaonekera m'maphompho. Kung'ambikako sikunathe, zivomezi za ku Karonga mu Disembala 2009 zinali zomwezo. Ming'alu yomweyi ndi imene imavutitsa okumba: ukutsata mzere bwinobwino, mwadzidzidzi wadukira pa mwala wina, ndipo uyenera kuufuna m'mwamba kapena m'munsi. Miyala ya Karoo inapulumuka m'zigawo zochepa zokha, zimene zinatitimira n'kutetezeka, kwina inakokoloka. Mu Mzuzu muno ndabowola mijigo yambiri. Umadutsa katondo, kenako mwala wofumbutuka, n'kugunda mwala wolimba umene unapangika kusanamere chomera chilichonse pamtunda. Pansi pa mzinda uno palibe malasha, ngakhale wina atabwera ndi makina otani.

Ndikudziwa kuti ziwerengero za mamiliyonizi zimazunguza mutu, ndipo anzanga ena akumpingo amandifunsa kuti anawerenga ndani. Funsolo ndi labwino. M'miyala ya Karoo muli timizere ta phulusa la mapiri ophulika, ndipo m'phulusamo muli timiyala totchedwa zircon tokhala ndi yureniyamu, yemwe uja wa ku Kayelekera. Yureniyamu amasanduka mtovu pa liwiro lodziwika, losasintha ndi kutentha kapena kuzizira. Mtundu wake wochuluka umatenga zaka 4.5 biliyoni kuti theka lake lisanduke. Ukayeza kuchuluka kwa ziwirizi m'kamwalako umadziwa nthawi imene phulusalo linagwa. Njira ina ndi mungu wa zomera, umene umasungika m'malasha momwemo ndipo umasiyana nyengo ndi nyengo. Ine ndimapemphera, ndipo kudziwa zimenezi sikunandichotsere kanthu. Kwangondiwonjezera ulemu pa zolengedwa.

Amene anapitako kunyumba yosungirako zakale ku Karonga anaona mafupa a Malawisaurus, chinyama chachitali khosi chija. Ana ambiri amaganiza kuti palibe chakale kuposa icho. Komatu pamene icho chinkayenda, malasha a ku Mchenga anali atagona kale pansi zaka zoposa 100 miliyoni. Pa Chiweta pomwepo mwapezeka mafupa a nyama za nyengo ya Permian, zimene zinakhalako ma dinosaur asanaoneke. Frank Dixey, amene ankatsogolera ofufuza miyala m'nthawi ya Nyasaland, anatolako ena m'zaka za m'ma 1920.

Kumapeto kwa Permian kunagwa tsoka loposa onse amene zamoyo zinaonapo. Mapiri ophulika a ku Siberia anatulutsa mpweya wochuluka, dziko linatentha, mitundu yambiri ya zamoyo inatheratu, Glossopteris pamodzi. Kwa zaka mamiliyoni angapo pambuyo pake, padziko lonse sipanapangike malasha oti n'kukumba. Tsono wina akati mgodi umadzazanso, adziwe kuti mtengo wake unatha, dambo lake linatha, nyengo yake inatha. Chimene chimadzaza mgodi wosiyidwa ndi madzi, ndi denga likagumuka. Zibuluma zimene anthu amapeza m'mgodi wakale ndi za mizati imene okumba anasiya dala kuti igwire denga, kapena zogumuka m'makoma.

Sindikuti migodi itsekedwe. Ana anga anaphunzira ndi ndalama ya ntchito imeneyi, ndipo chiyambire kukumba ku Kaziwiziwi ndi Mchenga m'zaka za m'ma 1980, malasha athu akhala akuyendetsa maboila m'mafakitale, kuwotcha simenti ndi kuumitsa fodya, zimene zikanadya nkhuni kapena ndalama zakunja. Chimene ndikunena n'chakuti chuma ichi chimakololedwa kamodzi. Lole iliyonse imene yadutsa pa Bwengu yatenga gawo la phiri limene silidzabwerera, ndiye tiyenera kufunsa kuti m'mudzi umene malashawo achoka mwatsala chiyani m'malo mwake. Ndinapitako kumalo ena kumene ntchito inatha, eni ake n'kunyamuka. Ndinapeza maenje odzaza madzi achikasu pafupi ndi minda, ana akusewera m'mphepete, ndipo mtima unandipweteka poti nanenso ndinadyapo pa ntchito yotere. Madzi amenewo sachita chikasu pachabe. M'malasha muli mwala wonyezimira wotchedwa pyrite, wa chitsulo ndi sulufule, umene unapangika m'matope opanda mpweya a dambo lija. Ukakumana ndi mpweya ndi madzi umatulutsa asidi, ndipo asidiyo amatsikira kumtsinje kumene anthu amatunga. Zimenezi zimadziwika mgodi usanatsegulidwe, choncho ndalama yokwirira maenje iziikidwa pambali kuyambira tsiku loyamba, osadikira kuti kampani ipite. Mafumu ndi makomiti a m'midzi azifunsa zimenezi asanasaine chilichonse.

Za kuphikira malasha pa mbaula, ndichenjeze amayi ndi mtima wonse. Makala anatulutsa kale utsi wake wambiri ku uvuni, pomwe malasha a msinkhu wathuwu akadali ndi phula ndi sulufule, ndipo zonsezo zimatulukira m'khitchini: utsi wotsamwitsa, woyabwa m'maso ndi pakhosi. Choopsa kwambiri ndi mpweya wa carbon monoxide, wopanda fungo, umene umatulukanso m'makala omwe. Mu Juni ndi Julayi kuno kumazizira, anthu amalowetsa mbaula m'chipinda n'kutseka mawindo, ndipo ena sadzuka. Ngati pali ofuna kugulitsa malasha oumba ophikira, ayambe ayezetsa ku Malawi Bureau of Standards, mbaula zake zikhale ndi chumuni, ndipo ogula auzidwe zoona. Koma tisaiwale kuti pakati pa malasha ndi mtengo wa makala, chimene chimaphukanso ndi mtengo. Bulugamu amadulidwa asanakwane zaka 10 ndipo chitsa chimaphukira. Paini wa ku Chikangawa amakhwima pa zaka 25 kapena 30. Vuto la makala ndi lakuti tikudula osabzala, ndipo limenelo tingathe kulikonza ife tili moyo.

Palinso nkhani ya mpweya. Kaboni wa m'malasha anachokera mumlengalenga. Masamba a Glossopteris anamukoka ndi mphamvu ya dzuwa, dambo n'kumutsekera. Tikawotcha timamubweza, ndipo zimene zinasonkhanitsidwa m'zaka mamiliyoni anthu padziko azitulutsa m'zaka zosakwana 300. Gawo la Malawi pa utsi umenewu ndi lochepa kwambiri, ndipo amene anawotcha zambiri sayenera kutiloza chala kapena kutiuza kuti tikhale mumdima. Komabe namondwe Freddy wa mu Malichi 2023 anagwera ife, ndiye nkhaniyi sitingaitenge ngati ya eni.

Pempho langa lalikulu lili kwa aphunzitsi. Mdzukulu wanga wa kusekondale anandiwerengera za malasha m'kope mwake. Mayina a misinkhu ija anawaloweza bwino, koma samadziwa kuti zimene akulowezazo zili pa ulendo wa maola awiri chabe kuchokera pakhomo pake. Masukulu a mu Mzuzu amapita ku Nkhata Bay kukaona nyanja; apitekonso ku Chiweta, ana akaone mizere ya miyala m'mbali mwa msewu, akaone madzi otentha akutuluka pansi, akang'ambe okha mwala wakuda. A Mzuzu University, a nthambi ya boma yofufuza miyala ku Zomba ndi eni migodi atagwirizana, sikungavute kuika mu Mzuzu Museum bokosi limodzi la core kuyambira mchenga mpaka malasha, mwala wa masamba a Glossopteris, chibuluma cha peat ndi cha malasha, ndi mawu ofotokoza m'Chichewa ndi m'Chitumbuka. Mwana wa ku Rumphi amene wagwira tsamba limenelo akadzakhala mfumu, khansala kapena phungu, palibe adzamunamize kuti mgodi umadzaza wokha.

Inunso a Mkonzi, tumizani mtolankhani wanu. Apite m'chilimwe udzu utapsa, pamene miyala imaoneka bwino. Ayambe wadzera kwa amfumu ndi kwa eni mgodi, ndipo asalowe m'mgodi wosiyidwa ngakhale atamuuza kuti ndi wabwino, chifukwa mpweya wa m'menemo umagwetsa munthu asanadziwe. Masamba akawafune pa milu ya miyala yakuda yotayidwa kunja. Atenge kanyundo ndi tchizulo, amenye m'mbali motsata mizere ya mwalawo.

Ine wanu,
Wobowola mijigo wopuma,
Chibavi, Mzuzu.